Chifefe Chikaphulika, Walakwa Ndani?

Katundu aliyense wogulidwa m'sitolo amatha kukhala ndi chilema. Wailesi imaleka kulankhula patangopita sabata imodzi, nsapato imamatuka, njinga imathyoka sipoko isanafike ndi kunyumba komwe. Zoterezi zikachitika wogula amataya ndalama ndi nthawi, nakwiya, koma m'mawa mwake amadzuka ali ndi zala zake zonse khumi. Za mfuti nzina. Chilema cha mfuti chimaonekera pamene munthu waitsamiritsa paphewa, tsaya lake litagunda thabwa, dzanja lamanzere litagwira kunsi kwa mpope, mnzake ali chiimire pafupi pomwepo. Kaamba ka ichi, mayankhidwe a sitolo kapena a kampani kwa munthu wodandaula za mfuti yake sangayesedwe nkhani ya ulemu wa pamalonda chabe. Kalata ya dandaulo ndiyo njira yoyamba, ndipo kawirikawiri yokhayo, imene wopanga mfuti amadziwira kuti chitsulo chake chayamba kuvulaza anthu. Amene amatsegula kalatayo ndi kuiyankha amagwira ntchito yoteteza moyo, ngakhale malipiro ake ali a kalaliki. Mbiri ya mfuti za chifefe m'dziko la America, kumene zimagulidwa zambirimbiri chaka ndi chaka, ikuonetsa zimenezi poyera.

Poyamba nkofunika kudziwa mapangidwe a chifefe. Mpope wake ndi wosalala m'kati, wopanda mizere yopotana imene imapezeka m'mfuti zowombera patali. Chipolopolo chake ndi kachibekete ka pulasitiki kokhala ndi tsinde la chitsulo, ndipo m'kati mwake muli onga ndi timipira tambiri ta mtovu kapena ta chitsulo timene timamwazika potuluka. Nchifukwa chake alenje amachikonda powombera mbalame zouluka. Kukula kwa mpope amakutchula ndi mawu akuti geji, ndipo kawerengedwe kake kamasokoneza mlendo. Chifefe cha geji 12 ndi chimene mipira 12 ya mtovu yokwana bwino m'mpope mwake ingalemere paundi imodzi itaikidwa pamodzi. Motero geji 20 ndi yaing'ono kuposa geji 12.

Apa ndi pamene pagona ngozi yodziwika kwa alenje onse. Chipolopolo cha geji 20 chikalowetsedwa mosadziwa m'chifefe cha geji 12, chimatsetserekera kutsogolo nkukakakamira m'mpope. Mwini mfuti poona kuti sinalire, ndiponso kuti poikapo chipolopolo palibe kanthu, amaganiza kuti adaiwala kuikamo. Amaikamo china cha geji 12, nawomba, mpope nkung'ambika. Opanga zipolopolo a ku America adazolowera kupanga za geji 20 zachikasu kuti diso lizizizindikira msanga. Utali wa chipolopolo nawonso uli ndi mlandu wake: pali za mainchi 2¾, za mainchi 3 ndi za mainchi 3½, ndipo chachitali chikawombedwa m'mfuti yopangidwira chachifupi, mphamvu ya onga imapyola muyezo. Manambala onsewa amadindidwa pampope. Wogulitsa wodziwa ntchito yake amaloza manambalawo ndi chala nawafotokoza asanalandire ndalama. Wogulitsa waulesi amangolongedza mfuti m'bokosi, nati zonse zalembedwa m'kabuku.

Munthu wogula mfuti kwa wogulitsa wachilolezo ku America amalemba fomu ya boma yotchedwa Form 4473, ndipo kuyambira m'chaka cha 1998 dzina lake limafufuzidwa m'kaundula kuti aone ngati ali mmodzi mwa oletsedwa kukhala ndi mfuti. Boma limafufuza wogulayo, koma mfuti imene akugulayo siliifufuza. Kuwonjezera apo, masitolo ambiri akuluakulu salandiranso mfuti ikangotuluka pakhomo. Wogula akapeza vuto, ngakhale pa tsiku loyamba, amauzidwa kuti alembere kapena aimbire foni kampani imene idaipanga. Choncho munthu amene adamwetulira polandira ndalama sakhalanso m'nkhaniyo, ndipo wodandaula amatsala yekha pamaso pa fakitale ili kutali, imene sadaionepo.

Kampani ya Remington ndiyo chitsanzo choyenera, pakuti panalibe dzina lolemekezeka kuposa limeneli pakati pa osaka nyama a m'dzikomo. Idayambidwa ndi Eliphalet Remington m'chaka cha 1816, ndipo fakitale yake yaikulu idali m'tauni ya Ilion, m'chigawo cha New York. M'chaka cha 1950 idatulutsa chifefe cha Model 870, chimene munthu amakoka thabwa la kunsi kwa mpope kuti atulutse chibekete chogwiritsidwa kale ndi kulowetsa chipolopolo china. Pofika 2009 zidali zitapangidwa zokwana 10 miliyoni. Mu 1963 idatulutsa Model 1100, chimene chimadzilowetsera chokha chipolopolo chotsatira. Izi zidali mfuti zabwino ndithu, ndipo zambiri zikugwirabe ntchito m'manja mwa zidzukulu za amene adazigula.

M'chaka cha 1983 munthu wina wa m'chigawo cha Illinois adali pa masewera owombera timbale tadothi toponyedwa m'mwamba pamene mpope wa Model 1100 yake udaphulika nkumuvulaza dzanja lamanzere. Adakasuma kubwalo la milandu. Kampani idayankha kuti mpope udalibe chilema, koma kuti chipolopolo chidali ndi mphamvu yopyola muyezo. Katswiri wa zitsulo woimira wodandaulayo adanena zina. Iye adati mtundu wa chitsulo chimene kampani inkapangira mipope, chotchedwa AISI 1140, udali ndi sulufule wochulukirapo, amene amathandiza kuti chitsulo chisamavute kusema pamakina, koma amasiya timizere tofooka m'kati mwake mmene ming'alu ingayambire mfuti ikawombedwa kambirimbiri. Bwalo lidamvanso kuti kampani idali italandirapo mbiri ya ngozi zina 94 zofanana ndi imeneyi, ndipo kuti mlandu inkauika pa zipolopolo. Nzika zosankhidwa kuweruza mlanduwo zidalamula kuti wovulalayo apatsidwe madola 75,000 opukutira misozi, ndiponso madola 1.6 miliyoni monga chilango kwa kampani. Mu 1990 bwalo lalikulu la chigawo cha Illinois lidachotsa chilangocho, nkusiya madola 75,000 aja. Mwa zifukwa zake padali masamu: ngozi 94 pa mipope yoposa 3 miliyoni ndi pafupifupi zitatu pa 100,000 iliyonse.

Masamuwo ngolondola, ndipo mphunzitsi aliyense angawachonge. Koma amayankha funso limodzi lokha, lakuti kodi kampani idachita mwadala kapena mosasamala kotheratu kotero kuti iyenera kulangidwa. Funso la munthu wokhala pa desiki ya madandaulo ndi lina. Iye salandira mipope 3 miliyoni; amalandira makalata, imodzi lero, ina mwezi wamawa. Kalata yoyamba ikanena kuti mpope waphulika, nkwanzeru kuganiza kuti mwini wake adalakwitsa. Yachisanu ikanena zomwezo, maganizo omwewo akhozabe kuima. Nanga ya makumi atatu? Nanga ya makumi asanu ndi anayi? Pamene makalata afika pamenepo, chimene chiyenera kufufuzidwa ndi mulu wonsewo pamodzi. Tsono mulu umenewu amauona ndi kampani yokha. Wodandaula aliyense amadziwa za dzanja lake basi. Akauzidwa kuti vuto lidali chipolopolo chake, alibe njira yodziwira kuti anthu ena makumi angapo adalandira yankho lomwelo. Ambiri amavomereza mwamanyazi, napita kukagula mpope wina ndi ndalama zao.

Pafunika chilungamo apa, pakuti kampani ikaloza chala kwa wogula si nthawi zonse pamene imanama. Alenje ambiri a ku America amadzaza okha zipolopolo kunyumba kuti asawononge ndalama, ndipo munthu akasokonezeka amatha kuthira onga kawiri. Wina amagwa m'dambo posaka abakha, matope nkutseka kukamwa kwa mpope, iye nkuwomba osayang'anamo. Wina amaika timipira tachitsulo, timene lamulo lidayamba kufuna m'malo mwa mtovu posaka mbalame za m'madzi m'dziko lonselo mu 1991, m'chifefe chakale cha agogo ake chimene sichidapangidwire zolimba chotero. Zonsezi zimachitika. Cholakwika nchakuti mfuti yophulika imatumizidwa ku fakitale imene idaipanga, amisiri a fakitaleyo nkuipima, akuluakulu a fakitaleyo nkulemba chigamulo. Kuli ngati kupempha nyani kuti aweruze mlandu wa chimanga chobedwa. Ngakhale nyaniyo atakhala woona mtima, mwini munda sangakhutire, ndipo ali ndi chifukwa.

Nkhani ya mipope sidathere ku Illinois. Eni zifefe adasonkhana nasuma mlandu umodzi m'dzina la onse, ndipo mu 1996 bwalo la ku San Antonio, m'chigawo cha Texas, lidavomereza mgwirizano wa madola 31.5 miliyoni wokhudza zifefe za geji 12 za mitundu ingapo, kuphatikizapo Model 870 ndi Model 1100, zopangidwa pakati pa 1960 ndi 1995. Oimbidwa mlandu sadavomere kulakwa kulikonse. Mipope yatsopano idayamba kupangidwa ndi chitsulo china, koma yakale sidaitanitsidwe, ndipo ndalama zija zitagawidwa kwa anthu ochuluka chotero, aliyense adalandira zosakwanira kugula mpope wina. Wowerenga adziweruzire yekha tanthauzo la kusintha chitsulo chimene mwini wake akuti chidalibe vuto.

Wina angafunse kuti nanga boma lidali kuti. Mu 1972 nyumba ya malamulo ya America idakhazikitsa bungwe la Consumer Product Safety Commission, lokhala ndi mphamvu yolamula kuti katundu woopsa achotsedwe pamsika. Mfuti sizidaikidwe m'manja mwake, ndipo mu 1976 nyumba yomweyo idatsindikanso kuti bungwelo lisakhudze mfuti kapena zipolopolo. Zotsatira zake nzodabwitsa: bungwe limeneli likhoza kuitanitsa mfuti yachidole imene kachidutswa kake kangatsamwitse mwana, koma silingaitanitse chifefe chenicheni chimene chikulira chokha. Kuitanitsa mfuti yachilema kuli pa kufuna kwa kampani, ndipo kufunako kumayamba kapena kufera pa desiki lija la madandaulo.

Nthawi zina kampani imachita bwino, ndipo nkoyenera kunena. Kumapeto kwa 2014 Remington idalengeza kuti zifefe za Model 887 zopangidwa pakati pa Disembala 2013 ndi Novembala 2014 zidali ndi vuto: kamsomali kogogoda chipolopolo kankatha kukakamira kutsogolo, kotero kuti mfuti ikadatha kulira pamene munthu akungolowetsa chipolopolo. Eni ake adauzidwa kuti aleke kuzigwiritsa ntchito nthawi yomweyo ndi kuzitumiza kuti zikakonzedwe kwaulere. Umu ndi mmene ziyenera kukhalira. Chaka chotsatira, mu 2015, zifefe zina za Winchester SXP zolandira zipolopolo za mainchi 3½ zidaitanitsidwa, koma apa panali patayamba kufala pa intaneti kanema wa mlenje wina woonetsa mfuti yake ikulira pongoitseka, chala chisanakhudze chowombera, kotsekera kali kotseka. Kanemayo adachita m'masiku ochepa chimene makalata amalephera kuchita m'zaka zambiri, chifukwa adaonetsa anthu onse nthawi imodzi chimene kale chikadaonedwa ndi kalaliki mmodzi. Akuluakulu adati mwana wosalira adafera m'mbereko, komatu nkomvetsa chisoni kuti mwana azichita kulirira pamsika amake asanamumve.

Pamfuti ina ya kampani yomweyo ya Remington, yowombera patali, pali mbiri yofanana. Mike Walker, amene adakonza chowombera chimene pambuyo pake chidaikidwa mu Model 700, adapempha mu 1948 kuti chisinthidwe pang'ono, pa mtengo wa masenti asanu ndi theka pa mfuti iliyonse, ndipo pempho lake silidatsatidwe. Madandaulo akuti mfutiyo imalira yokha adapitirira zaka makumi angapo, kampani ikunenetsa kuti vuto ndi kasamalidwe ka eni ake, mpaka mgwirizano wosintha zowombera kwaulere udavomerezedwa ndi bwalo mu 2017.

Tsono pali nkhani ya chikalata cha chitsimikizo, kapepala kolonjeza kuti katundu akawonongeka adzakonzedwa. Ogula ambiri amakakhulupirira kwambiri kapepalaka, ndipo ogulitsa amakadziwa mphamvu yake pokopa munthu. Kampani ya Ruger simapereka chikalata chotere. M'timabuku take imafotokoza kuti idasankha kusatero chifukwa cha zofuna za lamulo la mu 1975 lokhudza zitsimikizo zolembedwa. Komabe ili ndi mbiri yokonza mfuti zobwezedwa popanda kukangana kwambiri ndi eni ake, ndipo kuyambira mu 1982 idayamba kusintha kwaulere mabasitala ake akale amene ankatha kulira akagwa pansi. Ngakhale pamenepa sipayenera kuombedwa m'manja mopitirira, popeza ubwino umenewu udabwera anthu atavulala kale ndiponso mabwalo a milandu atagamula kale. Koma udabwera, ndipo udakhazikika.

Remington idatenga njira ina. Mu 2007 idagulidwa ndi Cerberus Capital Management, kampani imene ntchito yake ndi kugula ndi kugulitsa makampani ena. M'zaka zotsatira eni ake ambiri a Model 870 Express, mtundu wotsika mtengo umene udayamba mu 1987, ankadandaula za dzimbiri lofulumira ndi za zibekete zokakamira m'mpope mfuti ikalira. Pokondwerera zaka 200 mu 2016, kampani idalengeza chitsimikizo cha moyo wonse pa mfuti zogulidwa kuyambira chaka chimenecho. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: kampaniyo idali itamira kale m'ngongole za madola mamiliyoni mazanamazana. Mu Marichi 2018 idapita kubwalo kukanena kuti yalephera kubweza ngongole zake, idadzukako pang'ono, nkugwanso mu Julaye 2020. Chuma chake chidagulitsidwa zidutswazidutswa, wina kutenga zipolopolo, wina kutenga mfuti, wina kutenga dzina la Marlin. Ogula zidutswazo adagula makina, mapulani ndi maina. Malonjezo a kampani yakale sadawasenze. Munthu amene adagula chifefe mu 2016 atawerenga mawu akuti moyo wonse ankaganiza kuti akunena moyo wake. Adazindikira patapita zaka zinayi kuti ankanena moyo wa kampani. Fakitale ya ku Ilion nayo idatsekedwa mu Marichi 2024, ntchito nkusamukira ku Georgia.

Palibe chinyengo chimene chingaloledwe ndi chala m'zimenezi, pakuti lamulo la makampani ogwa limalola kugulitsa katundu popanda ngongole zake. Komabe wogula ali ndi chifukwa chomveka choyesera kampani ndi zochita zake zakale koposa ndi pepala lake. Funso lopindulitsa m'sitolo ndi lakuti mfuti ikavuta ipita kwa yani, idzatenga nthawi yotani, ndipo zipangizo zosinthira zimapezeka kuti. Wogulitsa amene akuzengereza poyankha wayankha kale.

Anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu amene adzapeza ntchito m'masitolo ndi m'maofesi kawirikawiri amaphunzitsidwa kuti ntchito ya wolandira madandaulo ndi kuziziritsa mtima wa wodandaula: kumwetulira, kupepesa, kumuperekeza pakhomo. Maphunziro oterewa ndi osakwanira, ndipo pa katundu woopsa, kaya ndi mfuti, mbaula ya gasi, mankhwala ophera tizilombo kapena mabuleki a galimoto, ndi ovulaza. Kalaliki wabwino amalemba dandaulo lililonse m'buku limodzi, ndi tsiku lake, mtundu wa katunduyo ndi nambala yake, ngakhale iye mwini akuganiza kuti wodandaulayo ndiye adalakwitsa. Amawerenga bukulo kuchokera kumayambiriro nthawi ndi nthawi. Akaona vuto limodzi lalembedwa katatu, amapita nalo kwa bwana wake, ndipo amapita nalo molemba, kuti mawa pasadzakhale wonena kuti sadamve. Kuchita zimenezi kumafuna kulimba mtima, chifukwa bwana sakonda uthenga umene ungadye ndalama za kampani, ndipo wobweretsa uthengawo ndi wamng'ono pantchito. Aphunzitsi amene amaphunzitsa kalembedwe ka makalata a ntchito akhoza kuthandizapo pophunzitsa mbali zonse ziwiri: kulemba dandaulo lomveka, lotchula nambala, tsiku ndi chimene chidachitika popanda zotukwana, ndiponso kuliyankha popanda kuyamba ndi kuweruza amene walemba.

M'Malawi muno munthu sasunga chifefe popanda chilolezo cha apolisi, ndipo zifefe zogulidwa m'sitolo zimachokera kunja. Ndiye kuti mtunda wa pakati pa wogula ndi wopanga, umene ndi wautali kale ku America, kuno ndi wa nyanja yathunthu. Chilengezo choitanitsa mfuti yachilema chimatuluka m'Chingerezi, pa intaneti, ndipo chimalembedwera anthu amene angathe kutumiza mfuti ku fakitale mosavuta. Mlimi amene amasunga chifefe cholondera munda wake, kapena amene adalandira cha malume ake, sangachione chilengezocho pokhapokha wina atamuuza. Amene ali ndi mwayi womuuza ndi wogulitsa amene adaitanitsa mfutiyo, ngati adasunga nambala yake pamodzi ndi dzina la mudzi wa woigula, ndiponso ngati amavutikira kuwerenga zolengeza za opanga katundu amene iye adagulitsa zaka khumi zapitazo.